Momwe mungakonzere kafukufuku wa chinenero cha anthu oputa anzawo dala pa intaneti

Wophunzira akasankha kufufuza za anthu oputa anzawo dala pa intaneti, khalidwe lomwe limadziwika kuti trolling, nthawi zambiri amayamba ndi kujambula ndemanga iliyonse yachipongwe yomwe wakumana nayo. Pakatha milungu ingapo amakhala ndi zithunzi zodzaza foni, koma osadziwa chochita nazo. Vuto lake ndi lakuti kuputa dala sikukhala m'liwu limodzi kapena m'chiganizo chimodzi. Kumachitika pakati pa anthu: wina waponya mawu, wina wapsa mtima, wachitatu walowerera, woyamba uja wabweranso kudzakolezera moto. Mukazula ndemanga imodzi pamalo pake, mwataya chinthu chomwe mumafuna kufufuzacho. Malangizo awa atsamira pa mfundo imeneyi, ndipo ndawalembera wophunzira amene ali ndi semesita imodzi kapena iwiri, kompyuta wamba, ndi mphunzitsi mmodzi womuyang'anira.

Choyamba, tsimikizani chomwe mukuchitcha kuputa dala

Musanatole ndemanga ngakhale imodzi, lembani ndime imodzi yofotokoza khalidwe lomwe mukulifufuza. Akatswiri sagwirizana pa tanthauzo limodzi, choncho muyenera kusankha n'kunena chifukwa chake. Judith Donath wa ku yunivesite ya MIT ku America, m'nkhani yomwe inasindikizidwa mu 1999, anaona khalidweli ngati masewera achinyengo: munthu amadzionetsa ngati membala weniweni wa gulu, wachidwi ngati anzake onse, pomwe cholinga chake ndi kuwasokoneza. Mu 2010 Claire Hardaker, katswiri wa zinenero wa ku Britain, anasanthula zokambirana za pa Usenet, malo akale okambirana pa intaneti, m'gulu la anthu okonda mahatchi. Iye sanayambe ndi tanthauzo lakelake. Anayang'ana zomwe mamembala ankanena akamaloza mnzawo chala kuti akuputa dala, ndipo anapeza zinthu zinayi zobwerezabwereza: chinyengo, ukali, kusokoneza zokambirana, ndi kupambana, kutanthauza ngati woputayo wakwanitsa kupsetsa anthu mtima kapena anthu amutulukira msanga.

M'ndime yanuyo munenenso zomwe simukuzifufuza. Munthu amene wakwiyadi n'kutukwana sali m'gulu limodzi ndi amene akuseka kuseri pomwe anzake akupsa mtima. Mawu achidani onyoza anthu chifukwa cha mtundu, chipembedzo kapena ulumali ndi nkhani ina. Kuzunza munthu mmodzi tsiku ndi tsiku ndi nkhani inanso. Palinso anthu olembedwa ntchito kuti azisokoneza zokambirana za ndale, monga a bungwe la Internet Research Agency la ku Saint Petersburg, omwe mauthenga awo a pa Twitter pafupifupi 3 miliyoni anasonkhanitsidwa ndi Darren Linvill ndi Patrick Warren a ku yunivesite ya Clemson n'kutulutsidwa poyera mu 2018. Zinthu zimenezi zimalowana, koma mukaziunjika pamodzi zotsatira zanu sizidzanena kanthu komveka za chilichonse mwa izo.

Chovuta kwambiri ndi cholinga cha wolemba, chifukwa simungalowe mumtima mwake. Tiyerekeze kuti m'gulu la makolo a ana aang'ono wina walemba kuti: "Ine ndikungofunsa, si kuti ndikunyoza ayi, koma mayi wosiya khanda la miyezi itatu n'kupita kuntchito amalikondadi?" Mulibe kutukwana m'mawu amenewa. N'kutheka kuti wolembayo ndi munthu wosadziwa kulankhula, n'kuthekanso kuti wadziwa pomwe pali bala n'kupondapo dala. Chomwe chingakuunikireni ndi zotsatira zake. Atayankhidwa mofatsa, anamva kapena anasintha funso kuti lipweteke kwambiri? Anthu atakwiya, anapepesa kapena anaika kachithunzi koseka? Anachitanso zomwezi pansi pa nkhani ina?

Pali njira ziwiri zodutsira pamenepa. Yoyamba ndi ya Hardaker ija: mumafufuza zomwe mamembala enieniwo akuzitcha kuputa dala, ndipo umboni wanu ndi mawu awo, monga "musamuyankhe uyo, akungofuna kutiputa". Yachiwiri ndi yakuti mulembe zochita zooneka ndi maso zomwe zikapezeka mudzati apa pali kuputa. Kwa wophunzira woyamba kumene ndimakonda njira yoyamba, chifukwa imamuchotsa pa mpando woweruza mitima ya anthu omwe sanawaonepo.

Chachiwiri, sandutsani mutu kukhala funso

"Chinenero cha oputa dala pa masamba a mchezo" ndi mutu chabe. Funso labwino limatchula malo, nkhani, nthawi ndi mbali ya chinenero yomwe mukuiyang'ana. Mwachitsanzo: pa ndemanga za pansi pa makanema a nkhani za katemera pa YouTube, kodi anthu omwe anzawo akuwatcha oputa dala amayamba bwanji mkangano? Kapena: oonera mpira akaputidwa, amayankha m'njira ziti, ndipo ndi njira iti yomwe imatseka mkangano msanga? Kapenanso: ndemanga zopita kwa atsogoleri aakazi zimasiyana bwanji ndi zopita kwa aamuna pa katchulidwe ka munthu?

Funso lachiwirilo, lokhudza oyankha, anthu ambiri salilabadira, pomwe ndi lolemera kwambiri. Susan Herring ndi anzake anachita zimenezi mu 2002 pomwe anatsatira mmene gulu lina lokambirana za ufulu wa amayi linalimbanirana ndi munthu mmodzi woputa. Anapeza mamembala akugawanika: ena akufuna amuthamangitse, ena akuti asayankhidwe, ena akuyesa kumutsutsa ndi mfundo, ena akumunyoza. Munthu mmodzi, gulu limodzi, koma kafukufuku wakuya.

Pewani funso lakuti "n'chifukwa chiyani anthu amaputa anzawo" ngati zomwe muli nazo ndi ndemanga zokha. Ndemanga sizingayankhe funso limenelo. Omwe analifufuza anagwiritsa ntchito njira zina. Erin Buckels, Paul Trapnell ndi Delroy Paulhus mu 2014 anafunsa anthu mafunso oyeza chikhalidwe, n'kupeza kuti okonda kuputa ambiri amasangalala ndi kuvutika kwa ena. Justin Cheng ndi anzake a ku Stanford ndi Cornell mu 2017 anayesa anthu 667 komanso kusanthula ndemanga zoposa 16 miliyoni za pa tsamba la CNN. Anapeza kuti munthu wamba akakhala kuti zinthu zamuipira kale, n'kupezanso kuti ena alemba zachipongwe pamalopo, mwayi woti naye alembe zotero umawirikiza pafupifupi kawiri. Zimenezi zili ndi phunziro pa kakonzedwe ka ntchito yanu: muziika chizindikiro pa ndemanga ndi pa zochita, osati kudinda munthu kuti uyu ndi woputa mpaka kalekale.

Chachitatu, sankhani galasi limodzi loonera

Mufunika mfundo za akatswiri zokuthandizani kusanthula, koma musanyamule zisanu. Ngati chidwi chanu chili pa mwano, yambani ndi Penelope Brown ndi Stephen Levinson, omwe mu 1987 anafotokoza mmene anthu amatetezerana ulemu polankhula, kenako Jonathan Culpeper, yemwe kuyambira mu 1996 wakhala akulongosola njira zovulira munthu ulemu dala, kuphatikizapo ulemu wachiphamaso woseleula. Ngati chidwi chili pa chinyengo ndi kusokoneza, Paul Grice ndiye woyenera. Mu 1975 anati anthu okambirana amayembekezera kuti mnzawo anene zoona, zokwanira, zogwirizana ndi nkhani, ndiponso momveka. Woputa dala amadziwa kuti anzake akuyembekezera zimenezi, ndiye amanamizira kuzitsata kwinaku akuziphwanya.

Hardaker mu 2013 analemba njira zisanu ndi imodzi zomwe oputa amatsata, ndipo n'zothandiza poyambira: kupatutsa nkhani, kudzudzula ena pa tinthu tating'ono monga kalembedwe pomwe iye mwini akulakwitsa zomwezo, kuima dala pa mbali yomwe gulu limadana nayo, kupereka malangizo oopsa kuti anthu akakamizike kuyankha, kuseka zinthu zomwe anthu saseka monga maliro, ndi kungoukira munthu popanda chifukwa. Dziwani kuti mndandandawu unachokera ku zokambirana za m'Chingelezi pa Usenet pokha. Ngati ndemanga zanu zikukana kulowa m'magulu amenewa, musazikankhire. Pomwe zikukanirapo ndi pomwe pangakhale chatsopano chomwe kafukufuku wanu wapeza.

Nkhani ya John Suler ya 2004, yofotokoza chifukwa chomwe anthu amamasukira mopitirira akakhala kuseri kwa sikirini, imakwana bwino m'mawu oyamba a lipoti lanu. Si chida chosanthulira ziganizo, choncho musamangire pamenepo mutu wa zotsatira.

Chachinayi, onani ngati ndemangazo mungazipezedi

Chitani zimenezi musanapereke pulani yanu kwa aphunzitsi. Nkhani zambiri zomwe mudzawerenge zinalembedwa pomwe Twitter inkalola ofufuza kutenga mauthenga ambiri kwaulere. Mwayi umenewo unatha mu 2023, chaka chomwe Reddit nayo inakhwimitsa malamulo ake ndipo nkhokwe ya Pushshift, yomwe inkasunga zolembedwa za pa Reddit, inatsekedwa kwa anthu wamba. Kampani ya Meta, mwini wa Facebook, inatseka CrowdTangle, chida chomwe ofufuza ankatsatira nacho zolembedwa poyera pa Facebook ndi Instagram, mu August 2024. YouTube ili ndi njira yovomerezeka yotengera ndemanga kwaulere, koma ndi malire a tsiku lililonse. Masamba okambirana a Wikipedia ndi otsegula, ndipo mu 2017 Ellery Wulczyn, Nithum Thain ndi Lucas Dixon anatulutsa ndemanga za m'Chingelezi zoposa 100,000 zomwe anthu anaziunika kale ngati muli kuukira munthu kapena mulibe. Malamulo a makampaniwa amasinthasintha, ndiye werengani omwe alipo panthawi yomwe mukuyamba.

Musaderere kutola ndi manja. Zokambirana makumi awiri kapena atatu zathunthu, zokopera mosamala, zimakwanira kafukufuku wa digiri yoyamba, ndipo mukamazikopera mumakhala mukuziwerenga kale.

Magulu otseka a pa WhatsApp kapena Facebook asiyeni, pokhapokha ngati mamembala avomera. Kukhala membala sikukupatsani ufulu wotulutsa kunja zomwe anthu analankhula akuona ngati ali okhaokha.

Chachisanu, konzani za chitetezo cha anthu musanatole kanthu

Apa musathamange. Ophunzira ambiri amati, "poti analemba poyera, aliyense akhoza kutenga." Mu 2008 ofufuza ena anatulutsa zinthu za pa Facebook za ophunzira pafupifupi 1,700 atachotsa mayina, koma pasanathe masiku ambiri anthu anatulukira kuti sukuluyo ndi Harvard, ndipo ena mwa ophunzirawo akanatha kudziwika. Michael Zimmer analemba za nkhaniyi mu 2010, ndipo mpaka pano ndi chitsanzo chomwe amaphunzitsira kuti kufufuta dzina kokha sikubisa munthu. Bungwe la Association of Internet Researchers linatulutsa malangizo ake mu 2002, 2012 ndi 2019. Amapezeka kwaulere, ndipo funso lomwe amalibwereza ndi lakuti: amene analemba mawuwa ankayembekezera kuti afika kwa yani, ndipo angavulale bwanji akafika kwina?

Kwa wofufuza chinenero pali msampha wapadera. Ntchito yanu imafuna mawu enieni, momwe analembedwera. Koma mukaika chiganizo chonse mu lipoti, aliyense akhoza kuchikopera n'kuchisaka pa Google, ndipo wolemba uja wapezeka. Annette Markham mu 2012 analimbikitsa kuti wofufuza azilembanso zitsanzo m'mawu ena kuti eni ake asadziwike. Njira yomwe ndimaiona yoyenera ndi iyi: santhulani mawu enieni, koma mu lipoti muike tizidutswa tatifupi, kapena musinthe mawu osakhudza mfundo yanu n'kusunga chomwe mukuchionetsa. Ngati mfundo ili pa funso lonamizira kufatsa, funsolo likhale momwemo, koma dzina la malo, ntchito ya munthu ndi msinkhu zisinthe. Mukatero sakani chiganizocho nokha kuti muone ngati chikupezekabe. Ndipo nenani poyera mu lipoti kuti mwasintha, ndi mmene mwasinthira. Andale ndi anthu ena otchuka olankhula pa udindo wawo angatchulidwe, koma owayankha ndi anthu wamba, abiseni.

Kumbukiraninso wonyozedwayo. Mukasindikiza chipongwe chomwe anamulembera, pamodzi ndi zomuzindikiritsa, mwathandiza womunyoza kufikira anthu ena atsopano. Ndemanga zooneka kuti analemba ndi ana, kapena zoulula matenda, komwe munthu amakhala ndi nambala yake ya foni, zichotseni ndipo mulembe kuti mwachotsa zingati.

Chinthu chimodzi ndichinene mosapsatira: musaputepo munthu kuti muone mmene ayankhire, ndipo musayankhe kapena kusonyeza kukonda ndemanga iliyonse m'zokambirana zomwe mukuzifufuza. Kuyesa anthu osadziwa ndi kuwalakwira, komanso mumaipitsa umboni wanu womwe.

Zonsezi zilembeni m'fomu yopita ku komiti ya sukulu yanu yoona za ufulu wa anthu pa kafukufuku, ndipo dikirani yankho. Onjezerani komwe mudzasunge mafayilo, pasiwedi yake, amene adzaloledwe kuwaona, ndi tsiku lomwe mudzawafufute. Mayiko ali ndi malamulo awo oteteza zinsinsi za anthu, monga GDPR ya ku Ulaya yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2018, choncho funsani lomwe likukukhudzani.

Chachisanu ndi chimodzi, tolani motsata lamulo lomwe mwalemba kale

Lembani lamulo la katoledwe musanatsegule tsamba. Likhoza kukhala lotere: makanema khumi oyamba a nkhani yakuti omwe anaikidwa m'mwezi wakuti, zokambirana zonse zokhala ndi mayankho osachepera asanu. Popanda lamulo, maso anu adzathamangira ndemanga zoipitsitsa, kenako mudzalengeza kuti oputa amatukwana kwambiri, chikhalirecho ndinu amene munasankha zotukwanazo. Oputa ochenjera, aja olemba mwaulemu, mudzawadumpha onse.

Tolani kukambirana konse, kuyambira uthenga woyamba mpaka yankho lomaliza. Mu Excel kapena pulogalamu ina yofanana nayo, ndemanga iliyonse ikhale ndi mzere wake: nambala ya kukambirana, nambala ya ndemanga, nambala ya ndemanga yomwe ikuyankhidwa, dzina lopeka la wolemba, nthawi, ndi mawu ake. Ndime ya "akuyankha yani" ndiyo yofunika koposa, chifukwa popanda iyo simungaonenso kuti mkangano unayenda bwanji. Mayina enieni muwasunge m'fayilo ina yotseka, kapena osawasunga n'komwe.

Musakonze kalembedwe. Zilembo zazikuluzikulu, mawu otalikitsidwa, "kkkk", ma emoji, zizindikiro zofunsa zisanu zondondozana, liwu lolembedwa molakwika dala kuti makina osefa asaligwire, zonsezo ndi umboni. Pomwe ndemanga yafufutidwa, lembani kuti yafufutidwa, chifukwa mayankho ake nthawi zina amaulula zomwe inanena. Dziwaninso kuti zomwe mukuona ndi zotsala oyang'anira tsamba atasesa kale. Mukatola patatha mwezi mudzapeza zina, mukatola patatha tsiku limodzi mudzapezanso zina. Sankhani nthawi imodzi, muitsate pa zokambirana zonse, ndipo muitchule mu lipoti.

Musaiwale zofananitsira. Tolaninso zokambirana za pamalo omwewo, pa nkhani yomweyo, momwe anthu anatsutsana koma palibe amene anatchedwa woputa. Mukapeza kuti oputa amakonda mafunso osafuna yankho, muyenera kudziwa ngati anthu ena onse pamalopo sachitanso chimodzimodzi.

Chachisanu ndi chiwiri, yesani pang'ono, kenako lembani kabuku kogawira ndemanga

Tengani ndemanga makumi asanu kapena zana, muziwerenge kawiri, muyambe kuziika m'magulu. Gulu lililonse likhale ndi dzina, tanthauzo lalifupi, chitsanzo cholowa, ndi chitsanzo chofanana nacho koma chosalowa. Chomalizachi ndi chomwe chimapulumutsa ntchito. Tinene kuti muli ndi gulu la "ulemu woseleula". Chitsanzo cholowa: "Pepani akuluakulu, ife osaphunzirafe tiunikireni poti inu mumadziwa zonse." Chosalowa: "Pepani, sindinamvetse, mungafotokozenso?" Mawu opepesa ali konseko, koma ntchito yawo ndi yosiyana, ndipo kabuku kanu kanene chomwe chikusiyanitsa.

Yang'anitsitsani zomwe chinenero cha ndemangazo chimalola. M'zinenero zosiyanitsa "iwe" ndi "inu", kusintha kuchoka pa lina kupita pa linzake pakati pa mkangano ndi nkhani yaikulu. Munthu amene anayamba ndi "inu" n'kufika pa "iwe" wavula mnzake ulemu popanda kutukwana. Winanso akhoza kuchulukitsa "inu" ndi maudindo mpaka ulemuwo usanduke chipongwe. Onani pomwe wolemba akudumphira m'chinenero china: kodi akufuna kudzikweza, kuseleula, kapena kubisa mawu kwa oyang'anira tsamba? Onani mayina opatsana, mawu odzitchinjiriza monga "ndikungonena" ndi "musakwiye", komanso kuseka komwe kwaikidwa pansi pa uthenga wa munthu wolira. Mfundo zambiri za akatswiri zinamangidwa pa Chingelezi, chomwe chili ndi liwu limodzi lotchulira munthu amene ukulankhula naye, ndiye wophunzira wofufuza chinenero china ali ndi mwayi woona zomwe mabuku sanazione.

Kabuku kakakhazikika, pezani mnzanu wodziwa chinenerocho. Mupatseni kabukuko ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, kapena mwa asanu, a ndemanga zanu, agawe payekha osaona zanu. Kenako fananitsani. Musangowerenga kuti mwagwirizana kangati pa zana, chifukwa nambala imeneyo imanama. Tiyerekeze kuti pa ndemanga 100, inu mwati zisanu ndi zoputa, mnzanu watinso zisanu, koma zake ndi zina, zanu ndi zina. Mwagwirizana pa ndemanga 90, zomwe zikumveka bwino, pomwe pa chinthu chomwe mukufufuzacho simunagwirizane ngakhale kamodzi. N'chifukwa chake ofufuza amagwiritsa ntchito muyeso wa kappa, womwe Jacob Cohen anaufotokoza mu 1960, wochotsera kugwirizana kongochitika mwamwayi. Pa chitsanzo chathuchi kappa imatsika kupitirira 0. Richard Landis ndi Gary Koch mu 1977 anati kuyambira 0.61 mpaka 0.80 ndi kugwirizana kwakukulu, ndipo ambiri amatsata malire amenewa.

Mukapeza kappa yotsika, khalani pansi nonse awiri n'kuona ndemanga zomwe mwasiyanapo. Kawirikawiri tanthauzo la gulu lina ndi losamveka, ndiye likonzeni n'kuyesanso pa ndemanga zatsopano. Koma zina mudzasiyanabe ngakhale mutakonza chotani, chifukwa wolembayo anazipanga dala kuti zimveke pawiri, kuti akagwidwa athe kunena kuti "ndimangocheza". Ndemanga zoterozo musazitaye. Zipatseni gulu lawo ndipo muzilembere ndime yawoyawo, poti m'menemo ndi momwe luso la woputa limaonekera bwino.

Chachisanu ndi chitatu, makina akuthandizeni kuwerenga, osati kuweruza

AntConc, pulogalamu yaulere yomwe anapanga Laurence Anthony wa ku yunivesite ya Waseda ku Japan, imakuonetsani liwu lililonse pamodzi ndi mawu olizungulira, komanso imafananitsa milu iwiri ya zolemba kuti muone mawu ochuluka mbali imodzi. Apa ndi pomwe zokambirana zofananitsira zija zimagwira ntchito. Ngati chinenero chanu chimamata tizigawo kutsogolo ndi kumbuyo kwa tsinde la liwu, sakani tsindelo ndi kanyenyezi mbali zonse ziwiri. Kusaka *pus* kudzakubweretserani "wopusa", "zopusa", "kupusitsa" ndi "adzapusitsidwa" nthawi imodzi, pamodzi ndi mawu ena osakhudzana nazo omwe muyenera kuwachotsa ndi manja. Pogawa ndemanga m'magulu pali Taguette, yomwenso ndi yaulere, ngakhale Excel yokha imakwanira.

Chenjerani ndi makina oyeza chipongwe, monga Perspective yomwe kampani ya Jigsaw inatulutsa mu 2017. Makina otere anaphunzitsidwa pa zinenero zochepa, ndipo amatsata kwambiri mawu otukwana. Funso lija la mayi ndi khanda likhoza kudutsa ngati labwinobwino, pomwe abwenzi awiri oseleulana mwachikondi agwidwa. Mu 2019 Maarten Sap ndi anzake a ku yunivesite ya Washington anaonetsa kuti makina ophunzitsidwa pa ndemanga zounikidwa ndi anthu ankatcha mauthenga olembedwa m'Chingelezi cha anthu akuda a ku America kuti ndi onyoza mpaka kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi ena. Ngati mukufuna kugwiritsa ntchito makina otere kapena a nzeru zopangidwa, yerekezani zomwe akunena ndi zomwe inu ndi mnzanu munapeza, ndipo musaike ndemanga zokhala ndi mayina a anthu m'makina a pa intaneti popanda chilolezo cha komiti ija.

Chachisanu ndi chinayi, dzitetezeni

Kuwerenga chipongwe maola ambiri kumalemetsa mtima, makamaka ngati onyozedwawo ndi ofanana nanu. Dziikireni malire a nthawi pa tsiku, musawerenge zimenezi pogona, ndipo gwirizanani ndi aphunzitsi anu kuti mukalemedwa mudzauza yani. Gwiritsani ntchito akaunti yosiyana ndi yanu ya masiku onse, yongowerengera, yopanda zithunzi za abale anu. Musalengeze pa masamba a mchezo kuti mukufufuza gulu lakutilakuti ntchito isanathe, chifukwa magulu ena akadziwa amatembenukira wofufuzayo.

Pomaliza, gawani nthawi ndi kulemba

Ngati muli ndi masabata khumi ndi anayi, atatu oyamba apite ku kuwerenga, funso ndi fomu ya komiti. Podikira chilolezo, lembani mutu wa zomwe ena anapeza. Kutola kutenge masabata awiri basi, kenako lekani ngakhale kutabuka mkangano wina wokoma kuufufuza. Kugawa ndemanga ndi kufananitsa ndi mnzanu kumatenga nthawi yaitali kuposa momwe aliyense amaganizira, ndiye kupatseni masabata anayi. Otsalawo ndi olemba ndi kukonza.

Mu lipoti, onetsani kukambirana kumodzi kapena kuwiri kuyambira poyamba mpaka pothera, mzere ndi mzere, kuti wowerenga aone pomwe nkhani inapatukira, amene anayamba kupsa mtima, ndi mawu omwe anatseka mkangano kapena kuuyatsanso. Manambala abwere pambali pa zitsanzo zimenezi. Kabuku kogawira ndemanga kaikeni kumapeto konse, kuti wina athe kubwereza ntchito yanu pa tsamba lina. Ndipo ziganizo za zotsatira zikhale zolingana ndi zomwe munatola. Ngati munasanthula zokambirana makumi atatu za mpira pa YouTube m'mwezi umodzi, lembani kuti "m'zokambirana makumi atatu izi, omwe anatchedwa oputa anayamba kawirikawiri ndi funso", osati "oputa dala amayamba ndi funso".